Kuunika mwana wa chaka ndi theka ngati ali ndi zizindikiro za autism: zoyenera kuchita kuyambira pakhomo mpaka kuchipatala

Pa khadi la kusikelo pali tsiku limene makolo ambiri amalizengereza chifukwa mwana amakhala atayamba kale kuyenda ndipo sakuoneka wodwala. Tsikuli ndi la katemera wachiwiri wa chikuku, amene muno m'Zambia mwana amabayidwa akakwanitsa miyezi 18, woyamba atabayidwa pa miyezi 9. Ulendo umenewu ndi bwino kuupatsa ntchito yachiwiri, yoti mukafunse ngati mwana wanu akukula bwino m'kachezedwe ndi m'kalankhulidwe, popeza msinkhu womwewo ndi umene zizindikiro za autism zimayamba kuoneka poyera. Bungwe la madokotala a ana ku America, la American Academy of Pediatrics, limalangiza kuti mwana aliyense aunikidwe pa miyezi 18 ndiponso pa miyezi 24, ngakhale makolo asakudandaula kalikonse.

Autism si matenda opatsirana, ndiponso si misala. Ndi kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka ana ambiri, kamene kamachititsa kuti mwana azivutika kucheza ndi anthu ndi kumva zimene ena akutanthauza, komanso kuti azikonda kubwereza zinthu zomwezomwezo. Madokotala anayamba kulidziwa bwino vutoli mu 1943, pamene Leo Kanner analemba za ana 11 amene anawapima ku Baltimore. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linayerekezera mu 2023 kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali ndi autism, ndipo anyamata amapezeka nayo kuposa atsikana pafupifupi kanayi. Tikatengera chiwerengero chimenechi, pasukulu ya ana 500 ku Katete kapena ku Lundazi pangakhale ana asanu otere, kaya anthu akudziwa dzina la vuto lawo kapena ayi.

Choyamba: patulani mlungu umodzi woyang'anitsitsa mwana musanapite kusikelo

Mwana wa kuno amakhala nthawi yaitali kumbuyo kwa amayi ake, ndipo mayi amene wabereka mwana amadziwa kulemera kwake ndi kutentha kwa thupi lake, koma nkhope yake saiona. M'nyengo yolima mwanayo amasiyidwa ndi mlongo wake wamkulu kapena agogo. Choncho ntchito yoyamba ndi kukhala naye pamphasa maso ndi maso, kangapo pa tsiku, pa nthawi imene wakhuta, sakudwala ndipo alibe tulo. Muyese zinthu zinayi izi, chilichonse masiku angapo, chifukwa tsiku limodzi silingakuuzeni zoona.

Muitaneni ndi dzina lake muli kumbuyo kwake, pamtunda wa mapazi awiri kapena atatu, ndi mawu amene mumalankhula nawo masiku onse, osamukhudza ndiponso osaomba m'manja. Mwana wa miyezi 9 amayamba kale kucheuka akamva dzina lake. Amene watanganidwa ndi masewera akhoza kusayankha kamodzi, koma ngati mwa maitanidwe khumi akucheuka kamodzi kapena kawiri kokha, lembani zimenezo.

Kenako lozani chinthu chimene chili patali, monga nkhuku pabwalo kapena njinga pamsewu, n'kunena kuti, "Taona uko!" Onani ngati maso ake akutsatira kumene chala chikuloza. Mwana wina amangoyang'ana chala chenichenicho, wina satembenuka n'komwe.

Chachitatu ndicho chachikulu kuposa zonse, ndipo ndi chimene makolo sachizindikira msanga. Pali kuloza kwa mitundu iwiri. Mwana akaloza chitumbuwa chifukwa akuchifuna, kumeneko ndi kupempha. Koma ndege ikadutsa m'mwamba iye n'kuiloza, kenako n'kucheukira kwa inu kuti aone ngati nanunso mwaiona, kumeneko ndi kugawana nanu chimene chamusangalatsa, ndipo sakupempha kanthu. Mwana wa miyezi 18 amayembekezereka kuchita zimenezi, komanso kukubweretserani kamwala kapena tsamba kuti mungoliona. Ana ambiri amene ali ndi autism amatha kupempha m'njira yawoyawo, koma kuonetsa ena zinthu kumasowa.

Chachinayi ndi masewera oyerekezera. Mpatseni kapu yopanda kanthu ndi supuni, kapena chitsononkho ndi kansalu. Kodi amayerekezera kumwa, kudyetsa chidole, kubereka chitsononkhocho, kapena kuika chinthu kukhutu ngati foni? Mwana amene amaona amayi ake akupeta tsiku ndi tsiku amafunanso kugwira lichero.

Pa nkhani ya maso pafunika kusamala. Mwambo wathu umaphunzitsa mwana kuti asamayang'ane akuluakulu m'maso, ndipo ena amati n'chifukwa chake mwana wawo amazemba maso. Ulemu umenewo amauphunzira mwana wokulirapo. Wa chaka ndi theka sanafike podziwa manyazi otere, ndipo poyamwa, posambitsidwa kapena akagwa, amafuna nkhope ya amayi ake.

Ndinaonapo mwana wamwamuna wa mnansi wathu ku Kapata, wa zaka ziwiri, amene ankatola zitsekerero za mabotolo n'kuzindandalika pakhonde mumzere woongoka bwino. Wina akasuntha chimodzi, ankalira mpaka kudzigwetsa pansi. Njinga ikagonekedwa pabwalo, ankakhala pambali pake n'kumazunguliza gudumu kwa nthawi yaitali, maso ali pamasipoko. Akafuna madzi sankaloza ndowa, koma ankagwira dzanja la amayi ake n'kulikokera pa chivundikiro ngati kuti dzanjalo ndi chipangizo, osawayang'ana kumaso. Pakhomopo ankati ndi wogontha, koma pepala la masikono likangochita phokoso m'chipinda china, iye ankathamangira komweko. Zinthu zazing'ono ngati zimenezi ndi zimene dokotala amafuna kumva, ndipo amene amaziona ndi inu, osati iye.

Lembaninso ngati mwana amakupiza manja akasangalala, amayenda chonyang'ama ndi zala za kumapazi, amagwedeza zala pafupi ndi maso ake, amatseka makutu akamva chigayo kapena nyimbo za kutchalitchi, kapena amakana chakudya china chilichonse kupatula mtundu umodzi. Chimodzi mwa izi pachokha sichitanthauza kanthu, chifukwa ana ambiri amachitako zotere n'kusiya. Chofunika ndi kuona ngati zikuchitika pamodzi ndi kusaloza, kusayankha dzina ndi kusatsanzira.

Chachiwiri: lembani, ndipo ngati n'kotheka jambulani

Tengani kope, mulembe tsiku ndi zimene mwaona m'mawu achidule. Funsaninso amene amatsala ndi mwanayo masana, ngakhale atakhala mtsikana wa zaka khumi, chifukwa iye ndiye amadziwa ngati mng'ono wake amasewera ndi anzake kapena amakhala payekha kuseri kwa nkhokwe. Ngati pakhomo pali foni yojambula, jambulani mavidiyo awiri kapena atatu a mphindi imodzi: ina mukumuitana dzina, ina akusewera yekha. Kuchipatala mwana amaopa, amalira kapena amagona, ndipo dokotala sangaone m'mphindi zochepa zimene inu mumaona kunyumba.

Chachitatu: dziwani zizindikiro zosafunika kudikira tsiku la sikelo

Pitani kukiliniki mlungu womwewo ngati mwana wafika miyezi 12 asanayambe kubwebweta mawu monga "bababa" kapena "mamama" ndiponso osabayibitsa kapena kuloza, ngati wafika miyezi 16 alibe liwu ngakhale limodzi lomveka, kapena ngati wafika miyezi 24 osatha kulumikiza yekha mawu awiri monga "amama madzi". Kungobwereza zimene wina wanena, kapena nyimbo ya pa wailesi, sikuwerengedwa. Chizindikiro chofunika kuthamangira nacho kuchipatala kuposa zonse ndi kutaya zimene ankadziwa kale: mwana amene ankati "agogo", ankabayibitsa ndipo ankaseka ndi anthu, kenako n'kuleka. Izi zimachitikira gawo lina la ana amene ali ndi autism, makamaka m'chaka chawo chachiwiri, koma zingakhalenso chizindikiro cha matenda ena a ubongo, choncho pa msinkhu uliwonse zimafuna dokotala.

Apa m'pamene achibale amatonthoza ndi mawu amene tonse tinawamvapo, akuti mwana wamwamuna amachedwa kulankhula, ndipo atate ake nawonso analankhula ali ndi zaka zitatu. N'zoona kuti ana ena amachedwa kulankhula kenako n'kuwapeza anzawo. Koma mwana amene wangochedwa kulankhula amayesetsa kukuuzani zinthu ndi manja, ndi maso, ndi mutu, ndipo mukamutuma kuti akatenge nsapato amapita. Amene akusowa zonse pamodzi, mawu ndi manja omwe, si woti n'kumudikira. Ena amati vuto ndi kamtsempha ka pansi pa lilime ndipo amafuna kukadula kunyumba. Musalole zimenezo, chifukwa lezala limabweretsa kutaya magazi ndi zilonda, ndipo lilime silikhudzana ndi kuloza kapena kuyankha dzina. Enanso amati mwana wasokonezeka chifukwa pakhomo akumva Chichewa, Chinsenga ndi Chingerezi. Ana a ku Chipata akhala akukula ndi zilankhulo ziwiri kapena zitatu kuyambira kale, ndipo zimenezo siziyambitsa autism.

Chachinayi: yankhani mafunso 20 a M-CHAT-R/F

Pali pepala la mafunso limene limagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri pounika ana a miyezi 16 mpaka 30. Limatchedwa M-CHAT-R/F, ndipo analikonza ndi Diana Robins, Deborah Fein ndi Marianne Barton. Lili ndi mafunso 20 oyankha kuti inde kapena ayi, limatha m'mphindi zochepa, ndipo limapezeka kwaulere pa intaneti. Ngati Chingerezi chikukuvutani, pemphani namwino, mphunzitsi kapena wachibale kuti akuwerengereni ndi kukumasulirani funso lililonse pamodzi ndi chitsanzo chake. Mafunso ambiri ndi a zinthu zomwe mwayesa kale m'mlungu uja.

Poyankha, nenani zimene mwana amachita kawirikawiri, osati zimene anachita kamodzi kokha mwezi watha. Pa mafunso ambiri, yankho loti ayi ndilo limapatsa chigoli chimodzi. Mafunso atatu okha, nambala 2, 5 ndi 12, ndi otembenuka: amafunsa ngati munakayikirapo kuti mwana ndi wogontha, ngati amagwedeza zala pafupi ndi maso, ndiponso ngati amakhumudwa ndi phokoso wamba, ndipo pa amenewa yankho loti inde ndilo limapatsa chigoli. Anthu ambiri amalakwitsa powerengera pamenepa.

Zigoli zikakhala 0 mpaka 2, chiopsezo n'chochepa, koma ngati mwana sanakwanitse zaka ziwiri mudzabwerezenso akadzakwanitsa. Zikakhala 3 mpaka 7, wazaumoyo amayenera kukufunsani mafunso otsatira pa mfundo zimene zapatsa zigolizo, ndipo zikatsalabe ziwiri kapena kuposerapo, mwana atumizidwe kukapimidwa. Zikakhala 8 mpaka 20, atumizidwe mosazengereza. Kumbukirani kuti pepalali ndi sefa chabe. Ana ambiri amene amapeza zigoli zokwera amadzapezeka kuti alibe autism, ngakhale kuti ambiri mwa iwo amakhala ndi vuto lina la kakulidwe lofunanso thandizo. Komanso ngati zigoli zatsika koma mtima wanu sukukhazikika ndi zimene mukuona, kanenenibe kuchipatala.

Chachisanu: lankhulani momveka pa tsiku la sikelo

Tsiku la sikelo mzere umakhala wautali, ndipo ntchito yaikulu imakhala kukweza ana pasikelo, kulemba m'makhadi ndi kubaya katemera. Mukangoti, "Mwanayu sakulankhula," mungayankhidwe kuti adzalankhula. Dikirani kuti mwana abayidwe, kenako pemphani mwaulemu kuonana ndi namwino kapena dokotala wa pakilinikipo padera, ndipo nenani zinthu zoti munthu angaziwerenge: "Anamwino, mwanayu ali ndi miyezi 18. Ndamuitana dzina kakhumi, wacheuka kamodzi. Saloza zinthu, ndipo mawu awiri amene ankanena anasiya. Ndikupempha kuti apimidwe makutu ndiponso kalata yopita kuchipatala chachikulu." Aonetseni kope lija, mavidiyo ndi zigoli za mafunso aja.

Kupima makutu n'kofunika kwa mwana aliyense amene wachedwa kulankhula. Kuno ana ambiri amatuluka mafinya m'khutu, ndipo malungo aakulu, matenda oumitsa khosi kapena chikasu champhamvu atangobadwa zikhoza kuwononga kumva ndi kakulidwe ka ubongo. Mufotokoze ngati mwana anadwalapo zimenezi, ngati anabadwa masiku asanakwane, ngati anachedwa kulira pobadwa, ndiponso mankhwala amene amayi ankamwa ali oyembekezera, makamaka a khunyu.

Chachisanu ndi chimodzi: tsatirani kalata mpaka kumapeto

Njira yake imayambira pakiliniki, kupita kuchipatala cha boma lanu kapena cha mishoni monga St Francis ku Katete kapena Mwami, kenako ku Chipata Central Hospital, chimene ndi chipatala chachikulu cha chigawo chino cha Kum'mawa. Ana ena amatumizidwa ku University Teaching Hospital ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 550 pa msewu wa Great East, choncho ndi nzeru kuyamba kusunga ndalama ya basi mukangolandira kalata yoyamba, ndiponso kufunsa tsiku lenileni limene ana otere amaonedwa musananyamuke. Tengani khadi la kusikelo, kope, foni, chakudya chimene mwana amadya, ndi chinthu chimene amachikonda kugwira. Ngati n'kotheka apite makolo onse awiri, kapena amayi ndi agogo, kuti mawu a dokotala asafike kunyumba kudzera mwa munthu mmodzi yekha amene ena angamutsutse.

Musayembekezere kuti atenga magazi kapena kujambula mutu n'kupeza autism, chifukwa palibe kupima kotere. Dokotala amafunsa mbiri ya mwana ndi kumuona akusewera, nthawi zina maulendo angapo. Katswiri wozolowera ntchitoyi amatha kutsimikiza mwana ali ndi zaka ziwiri. Ngati mwana amakomoka, amagwa kapena amangoti duu kwa kanthawi osamva chilichonse, nenani, chifukwa khunyu imapezeka kawirikawiri mwa ana amene ali ndi autism ndipo ili ndi mankhwala.

Chachisanu ndi chiwiri: konzekerani mafunso a kumudzi

Nkhani ikafika kwa achibale, pamabuka zifukwa zambiri. Ena amati mwana analodzedwa, ena amati atate ake anamukhwimira kuti malonda ayende, ena amaloza amayi kuti sanasunge mwambo. Mabanja amatha chifukwa cha mawu otere, ndipo ndalama zimene zikanafikitsa mwana ku Lusaka zimathera kwa asing'anga. Chimene ofufuza apeza n'chakuti mbali yaikulu ya autism imayendera m'magazi a makolo onse, ndipo ubongo umayamba kukula mosiyana mwana asanabadwe. Kaleredwe ka amayi sikayambitsa vutoli. Ndi bwino kuitana atsibweni a mwanayo ndi ankhoswe msanga, kuwaonetsa pepala la kuchipatala, kuti amve kwa inu asanamve kwa anthu a pachitsime.

Palinso nkhani ya katemera, ndipo ndiyenera kuikamba chifukwa ndakuuzani kuti mugwiritse ntchito tsiku la katemera. Mu 1998 dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, anafalitsa nkhani m'magazini ya The Lancet yokayikitsa katemera wa chikuku. Mu 2010 magaziniyo inachotsa nkhaniyo, ndipo iye analandidwa chilolezo cha udokotala. Kafukufuku wa ku Denmark amene anatuluka mu 2019, wa ana oposa 650,000, sanapeze kugwirizana kulikonse pakati pa katemerayo ndi autism. Anthu amasokonezeka chifukwa katemera amabayidwa pa msinkhu womwewo umene zizindikiro zimaonekera. N'chifukwa chake ndanena kuti muyang'anitsitse mwana ndi kulemba mlungu umodzi asanabayidwe: kope lanu lidzaonetsa kuti zimene mukuonazo zinalipo kale jakisoni asanafike. Chikuku chimapha ndipo chimachititsa khungu, choncho mwana abayidwe ndithu.

Chachisanu ndi chitatu: yambani kuthandiza mwana musanalandire yankho

Kuyembekezera tsiku la kuchipatala kungatenge miyezi, koma ubongo wa mwana wa zaka ziwiri sudikira, ndipo zimene mungachite pakhomo sizivulaza ngakhale atadzapezeka kuti alibe autism. Palibe mankhwala, azitsamba kapena achizungu, amene amachotsa autism, ndipo amene akugulitsa botolo lotero akufuna ndalama zanu. Chimene chimathandiza ndi kuphunzitsa mwana kulankhulana ndi anthu tsiku ndi tsiku.

Khalani pansi kuti nkhope yanu ifanane msinkhu ndi yake, ndipo lowani m'masewera amene iye wasankha. Ngati akundandalika zitsekerero, musamulande, koma tengani zanu muziika pambali pake, kenako muzimupatsa chimodzichimodzi mutachikweza pafupi ndi nkhope yanu, kuti akachifuna ayang'ane kwa inu. Lankhulani mawu afupiafupi: "madzi", "tsegula", "bwera". Akakokera dzanja lanu kundowa, imani pang'ono, lozani ndowayo, nenani kuti "madzi", dikirani kamphindi kuti ayese mawu, kuloza kapena kukuyang'anani, ndipo akangoyesa mupatseni nthawi yomweyo. Imbani nyimbo imene amaikonda n'kuima pakati, kuti iye asonyeze kuti mupitirize. Chitani izi posamba, pakudya ndi povala, osati pa nthawi yapadera yokha. Chepetsani foni ndi wailesi yakanema, chifukwa mphindi zimenezo zimalanda nthawi yoonana ndi anthu. Musamumenye chifukwa chokupiza manja kapena kutseka makutu, popeza ndi njira yake yodzikhazika mtima pansi. Ngati ndi woyendayenda, vundikirani chitsime ndi migolo ya madzi, ndipo dziwitsani anansi kuti akamuona pamsewu amubweze, chifukwa mwana wotere sayankha akamaitanidwa.

Dokotala akatsimikiza, funsani za thandizo la kalankhulidwe ndi la mafizo, ndipo pitani ndi pepalalo ku ofesi ya zachitukuko cha anthu ya m'boma lanu kuti mufunse za kulembetsa ku Zambia Agency for Persons with Disabilities, bungwe limene limagwira ntchito pansi pa lamulo la anthu olumala la mu 2012. Ngati pakhomo pali mng'ono wake kapena mukuyembekezera wina, dziwani kuti kafukufuku wapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa ang'ono asanu a ana amene ali ndi autism amadzapezekanso nayo, choncho mng'onoyo muyambe kumuyang'anitsitsa kuyambira miyezi 9, ndipo pachikuto cha khadi lake la kusikelo mulembepo ndi pensulo masiku amene adzakwanitse miyezi 18 ndi 24.